Mkazi Wamkulu wa pa Khadi Lobiriwira

1

Mpongozi wanga analowa m'nyumba tsaya litatupa ngati wabisa dzira m'kamwa. Chikwama anaponya pa sofa, nsapato ina uku ina uko, n'kuima pakati pa balaza manja ali m'chiuno. Ine ndinali pampando wanga wa pazenera, mbale pamwendo, ndikusankha timiyala mumpunga.

"Amayi," anatero, "mwana wanu ali ndi mkazi wina."

"Mwana uti?"

"Muli ndi angati m'nyumba muno?"

Ndili ndi mmodzi. Ndi wa malemu mng'ono wanga, koma ndinamulera ndine kuyambira ali wa m'manja, ndiye kwa iye ndine mayi ake aakulu. Atakwatira ananditenga kuti ndizikhala nawo. Timamutcha Duu. Dzinali ndinamupatsa ndine, chifukwa mwana ameneyu amatha kukhala duu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ngati wameza supuni. Mkazi wake amaphunzitsa tiana tating'onoting'ono kuwerenga zala, ndiye ine ndimamuitana kuti Aphunzitsi.

"Duu yemweyu?" ndinafunsa. "Amene anazungulira nyumba ya kwanu mpaka nsapato kutha asanakufunseni dzina? Mkazi wachiwiri wamufunsira ndi pakamwa pati?"

"Wachiwiri ndine, amayi! Winayo ndiye wamkulu!"

Nkhani yake inali iyi. Dzino linamuvuta ali m'kalasi. Kuchipatala kumene amapita masiku onse, dokotala wa mano kunalibe, ndiye anamulozera kachipatala kena kakutali, kuseri kwa ogulitsa matayala, komwe amalandiranso khadi la inshuwalansi la kuntchito kwa Duu. Atapereka khadi pawindo, kalaliki anagogoda kompyuta, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akuti, 'Pepani mayi, khadi ili limalola mkazi mmodzi, ndipo amayi aakulu analembetsa kale kuno. Inu aang'ono mulipire nokha.' Pamaso pa anthu, amayi! Mzere wonse kutembenuka kuti aone aang'onowo!"

"Mwina kompyuta inali italedzera."

"Akuti amabwera pafupipafupi. Akuti gawo la mankhwala la chaka chino latsala pang'ono kutha chifukwa cha iye. Akutinso ndi munthu wansangala, amaseketsa chipatala chonse."

Mbale inapendekeka pamwendo panga. Mpunga uja mbwee pansi.

"Mwaona?" anatero Aphunzitsi. "Nanunso zakukhudzani."

"Zandikhudza kwambiri," ndinayankha ndili chogwada, ndikutola mpunga kamodzikamodzi kuti ndisadzutse nkhope.

2

Za khadili ndikuuzeni pang'ono, mwina kwanu kulibe. Duu amagwira ntchito pa fakitale ya utoto, ndi wosakaniza mitundu. Kumayambiriro kwa chaka mabwana anaitana antchito onse n'kuwauza kuti aliyense asankhe inshuwalansi ya chipatala, yothandiza pa timatenda ta tsiku ndi tsiku: kuonana ndi dokotala, mankhwala, kuyezetsa magazi, mano, magalasi a maso. Makhadi analipo amitundumitundu. Loyera ndi la wantchito yekha, ndipo amangotsina pang'ono pa malipiro. Lobiriwira limanyamula wantchito, mkazi wake ndi ana. Lagolide limanyamula ndi makolo omwe, koma limaluma malipiro ngati galu amene wangobereka kumene.

Duu anabwera nayo patebulo nkhaniyi tikumwa tiyi.

"Amayi, ndikuganiza za lagolide. Kuti nanunso mulowe."

Apa m'pamene pakamwa panga panandigulitsa. Pamzere wathu wonse wa nyumba ndimadziwika ndi zinthu ziwiri: nthabwala, ndi kudzitama kuti chipatala ndimangochionera kunja. Mnzanga akamapita kukatenga mapiritsi ake a kuthamanga kwa magazi ndinkamukuwa kuti, "Mukapereke moni kwa amuna anu adokotala!" Ndiye ine yemweyo ndilowe pa khadi la odwala?

"Golide ameneyo ukagulire mkazi wako ndolo," ndinatero. "Thupi langali ndi chitsulo cha njanji. Ine ndinabadwa anthu asanayambe kudwala."

Aphunzitsi anaseka. "Amayi, ukalamba sugogoda pachitseko."

"Ukadzabwera udzandipeza nditapita kumsika."

Duu anandiyang'ana, n'kukhala duu, n'kusankha lobiriwira. Khadi linabwera limodzi, lolembedwa dzina lake, ndipo linkakhala pamwamba pa firiji, m'kachitini kakale ka mabisiketi, kuti iye kapena mkazi wake akadwala azingotenga.

3

Tibwerere ku tsiku la dzino. Madzulo Duu anafika, utoto wabuluu uli m'zikhadabo, n'kuvula nsapato pakhomo monga amachitira nthawi zonse.

"Mwaswera bwanji?" anafunsa mkazi wake.

"Kafunseni aakulu."

Duu anayang'ana ine.

"Osati awo! Aakulu anu a kuseri kwa matayala!"

Aphunzitsi anaikhuthula yonse, dzanja lina litagwira tsaya, lina likuloza. Duu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Sindikumudziwa."

"Basi? Kamawu kamodzi komweko? Munthu ndanyozeka pagulu, inu mukundipatsa kamawu kamodzi ngati mukugawa mchere wobwereka?"

"Ndikafunsa ku ofesi."

"Mukafunse chiyani? Khadi limakhala pa firiji apo. Lili ndi mapiko? Mumalitenga m'mawa, n'kulibweza madzulo ine ndisanaone. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Lero yakupezani mvula."

Mayi wanzeru akanathira madzi pamenepo. Ine ndinaona maso a Aphunzitsi akuyenda kuchoka pa firiji kupita kwa Duu, n'kuchita mantha kuti pobwerera angapumire pa ine. Ndiye ndinasonkhezera moto.

"Duu, mwana wanga," ndinatero ndi mawu a kumaliro, "ngati wachita, ungovomera. Munthu amalakwa."

Mulungu andikhululukire. Ndinapukusanso ndi mutu womwe.

Aphunzitsi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi bulangeti ndi pilo, n'kuziponya pa sofa.

"Mumve bwinobwino. Likafika Loweruka musanandiuze kuti mayi ameneyu ndi ndani, achimwene anga abwera ndi galimoto kudzanditenga. Ine sindinakwatiwe kuti ndizitchedwa aang'ono."

Chitseko pha! Duu anakhala pa sofa n'kumayang'ana pilo ngati akudikira kuti amufotokozere.

4

M'mawa mwake Aphunzitsi anandipeza ndikutsuka makapu.

"Amayi, valani. Tikupita kukachipatala kaja. Tikakhala pabenchi mpaka mayiyo atulukire. Inu mukamugwire miyendo, mutu mundisiyire ine."

"Aa, Aphunzitsi, bondo langali lero lakana."

"Chitsulo cha njanji chija?"

"Chitsulonso chimachita dzimbiri."

Anapita yekha. Dzino anakachotsa ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo anabwerera madzulo thonje lili m'kamwa, maso ali psuu. Mdaniyo sanamupeze, koma anacheza ndi mayi wokolopa pachipatalapo, amene anamuuza zonse.

"Akuti ndi wachikulire ndithu. Imvi amabisa mumpango."

"Aa!"

"Wamfupi, wonenepa. Poyenda amagwedezeka ngati bakha."

"Bakha? Anatero kuti bakha? Mwina ndi kayendedwe chabe ka munthu waulemu wake."

"Pakamwa ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira."

"Ena amati kumeneko n'kuchezeka."

"Amayi, kodi muli mbali iti?"

"Yanu, Aphunzitsi, yanu. Pitirizani. Koma zoti ndi wonyansa sananene, eti?"

"Tangoganizani, msinkhu ngati wanuwu!" Ankandiyang'ana m'maso momwemu, koma osandiona. Munthu akamasaka mkango sayang'ana nkhuku ya pakhomo. "Ndipo akuti amadzitama. Akuti Duu amamusambitsa ndi iye. Akuti sangagone asanamufunditse iye."

Anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kuyamba kulira, kulira kopanda phokoso kuja kumene kumachokera m'mimba.

"Ndinalakwa chiyani ine, amayi? Akanakhala mtsikana ndikanati wandiposa nkhope. Koma nkhalamba? Ndiye kuti pali chimene amapeza kumeneko chimene ine ndilibe, ndipo sindidzakhala nacho."

Nthabwala zonse zinandithawa. Ndinamusisita pamsana ndi dzanja lomwe linkatsegula kachitini kaja.

Nditadzutsa mutu ndinaona Duu ali pakhomo, nsapato kumanja. Kaya anaima nthawi yaitali bwanji. Sanayang'ane mkazi wake. Anayang'ana ine, kuyang'ana kwautali, kosaphethira. Ine ndinayamba kuchita chidwi kwambiri ndi denga.

5

Owerenga anzanga, ndaona kuti ena mwayamba kale kundiloza chala. Tsitsani, ndavomera. Bakha uja ndine.

Miyezi ingapo izi zisanachitike, thupi langa lachitsulo linayamba kundichita chipongwe china chake. Chipongwe chanji, dikirani kaye, ndi pepala lomweli ndikuchita nalo manyazi. Kupempha Duu ndalama za chipatala sindikanatha, nditakana golide ndi mwano wonse uja. Kupita kuchipatala chapafupi sindikanathanso, chifukwa amene ndinkawaseka aja amakhala pabenchi pomwepo. Ndiye tsiku lina onse atapita kuntchito ndinakwera pampando, n'kutsegula kachitini, n'kukwera basi yopita kutali kumene palibe wondidziwa.

Pawindo ndinapeza kalaliki wa magalasi, tayi itamuthina pakhosi ngati mbuzi yopita kumsika.

"Mwini khadili ndi ndani wanu?"

"Ndine mayi ake aakulu."

"Mayi ake... akunyumba?"

"Eya, kunyumba komweko. Ndikhalenso kuti?"

Anatsitsa magalasi. "Mwati aakulu. Ndiye kuti aliponso aang'ono?"

"Alipo wina m'nyumbamo, wangobwera dzanadzanali. Ine ndiye anandipeza."

Sukulu ndinangoinunkhiza, koma Chichewa ndimachimva. Ndisanatseke n'komwe pakamwa ndinazindikira kuti ine ndikunena mayi wolera, iye akumva mayi wakunyumba, mkazi wa munthu. Ndikanakonza pomwepo. Koma ndinakumbukira kuti khadi lobiriwira silidziwa makolo, limadziwa mkazi. Ndikanangoti ndine kholo, likananditaya panja.

Ndiye mwina mukuganiza kuti ndinakhala chete. Kukhala chete ndi ntchito ya Duu. Ine ndinakometsera.

"Abambowo ayenera kuti ndi achikulire," anatero kalaliki akulemba.

"Ayi, ndi kamnyamata. Ndinakapeza kalibe kalikonse, ndi kabudula yemwe. Kusambitsa ine, kudyetsa ine, kufunditsa ine."

Muone bwino, pamenepo palibe bodza ngakhale limodzi.

Kalaliki anaitana namwino. Namwino anaitana mnzake. Ulendo wachiwiri anandilandira ngati mlendo wa bwana. "Amayi aakulu afika!" Mzere ndinasiya kuima. Anamwino osakwatiwa ankandikokera pakona kundifunsa mmene munthu amagwirira mwamuna wachinyamata kuti asathawe, ine n'kumawapatsa malangizo, ine amene amuna anga anamwalira mafoni asanabwere. Wina mpaka anandigulira chakumwa chozizira. Kunena zoona, ukwati umenewu ndinaukonda kuposa woyamba uja. Kunalibe kuchapa.

Mankhwala ndinkabisa m'nsapato zanga za kutchalitchi. Khadi ndinkabweza m'kachitini dzuwa lisanapendeke. Ndinkati chipatala chili kutali, nkhaniyi idzafera konko. Sindinadziwe kuti dzino la mpongozi wanga lili ndi mapulani ake.

6

Lachisanu Duu anaiwala chakudya chake chamasana patebulo. Kaya anaiwaladi, kaya anatchera msampha. Ndinachinyamula n'kupita nacho kufakitale, mumtima ndikuti ndikamve kumene mphepo ikulowera.

Mlonda anandilozera kuseri, kumene amaunjika migolo yopanda kanthu. Fungo la utoto linali lolasa m'mphuno, makina akulira m'kati ngati ng'ombe zanjala. Duu anatuluka atavala ovololo yamawangamawanga, n'kutembenuza chidebe kuti ndikhalepo. Iye anakhala pa mgolo. Anatsegula chakudya, osadya.

"Ndinapita ku ofesi," anatero. "Mayi woona za antchito akuti njira ndi ziwiri. Ngati ndili ndi mkazi wina, ndimulembetse n'kufufuta uyu. Ngati si mkazi wanga, khadi lagwiritsidwa ntchito mwachinyengo, ndipo woyankha ndine."

"Mavuto," ndinatero. "Anthu oipa achuluka."

"Amayi."

"Ee?"

"Bakha ndimamudziwa. Ndakhala ndikuyenda pambuyo pake kuyambira ndili wamng'ono."

Ndinayesa kuseka, koma chinatuluka chinthu ngati kulira kwa chitseko.

"Nanga bwanji sunanene?"

"Mukanafuna kuti tidziwe, mukanatiuza. Munthu amene anandisambitsa sindingamuvule pamaso pa mpongozi wake. Ku ofesi amafuna kundiwerengera mayina a mankhwala, ndakana kumva." Anakankhira chakudya pambali. "Koma mundiuze chimodzi. Kodi ndi choopsa? Amayi ondibereka aja nawonso anabisa matenda awo, ndinamva. Kodi nanunso mukufuna mundisiye mwakachetechete?"

Maso ake anali atadzaza misozi. Pamoyo wake wonse mwana ameneyu sananenepo mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Ine ndinkaganiza kuti akugona pa sofa akundikwiyira, iye akugona pa sofa akundiwerengera masiku.

"Si chakupha, mwana wanga. Ndi chamanyazi basi."

Anapuma mpweya wautali, n'kupukuta m'maso ndi mkono, kusiya mzere wachikasu pachipumi.

"Ndiye nkhaniyo ndi yanu, amayi. Ine sindinena. Koma mawa ndi Loweruka, ndipo mkazi wanga ndimamufuna."

Ndinabwerera kunyumba nditalumbira kuti ndikangolowa ndiulula. Ndinapeza Aphunzitsi akupinda zovala. Ndinatsegula pakamwa, n'kumufunsa ngati waona kumene ndinaika lumo.

7

Loweruka m'mawa masutikesi anali pabedi, kukamwa kuli yasa. Aphunzitsi ankachotsa madiresi m'kabati limodzilimodzi. Zithunzi za ukwati anazitembenuzira kukhoma. Duu anali panja akutsuka njinga yoyera kale. Achimwene aja anali ataimba kuti afika masana.

Ndinalowa, n'kutseka chitseko, n'kukhala pa sutikesi kuti isatsekeke.

"Aphunzitsi, mkazi wamkulu uja ndamupeza."

Anaponya diresi. "Ali kuti?"

"Wakhalira sutikesi yanu."

Anandiyang'ana. Kenako nkhope yake inafewa, n'kundigwira dzanja.

"Amayi, ndinu munthu wabwino. Koma musadzipake matope chifukwa cha mwana wanu. Wakutumani, eti? Alibe manyazi, kutuma nkhalamba kuti imunamire?"

"Sindikunama!"

"Inu amene chipatala mumangochionera kunja?"

Ndinaona zakuda. Moyo wanga wonse ndanama mabodza a nthabwala anthu n'kumakhulupirira. Tsiku limodzi lokha limene ndanena zoona, palibe wogula. Ndinaimirira n'kumuyendera kuchoka pabedi kufika pachitseko.

"Taonani bwino! Si bakha uyu?"

"Amayi, chokani pamenepo, ndikuchedwa."

"Valani nsapato. Ngati ndanama, sutikesi ndikusenzerani ndekha mpaka kwa achimwene anu."

Tinakwera basi. Tinatsika pa ogulitsa matayala, n'kudutsa pakati pa milu ya matayala akutha, n'kulowa pakageti kobiriwira. Ndisanafike n'komwe pawindo, kalaliki wa tayi uja anaimirira, manja m'mwamba.

"Amayi aakulu! Mwatisowa! Abambo ali bwanji, mukuwafunditsabe?" Kenako anaona amene anali kumbuyo kwanga. Nkhope yake inawala. "Aa! Mwabwera ndi aang'ono? Mwagwirizana tsopano? Zimenezi ndiye zabwino! Anamwino, tabwerani mudzaone banja lamtendere!"

Mayi wokolopa uja anaika chokolopera pansi n'kuyamba kuomba m'manja.

8

Aphunzitsi anatembenukira kwa ine. Anandigwira pamkono, kugwira kumene amagwirira kamwana koluma anzake, n'kunditulutsa panja. Kuseri kwa chipatala kunali benchi pansi pa mtengo. Anandikhazika.

"Ndagona ndekha sabata yonse," anatero, mawu ali pansipansi. "Ndatukwana mwamuna wosalakwa. Ndauza abale anga kuti ukwati watha. Ndalira pamwendo panu, inu mukundisisita. Tsopano mundiuze. Mukudwala chiyani chimene chinali chachikulu kuposa banja langa?"

Ndinayang'ana nyerere pansi. Zinali ndi kopita, ine ndinalibe.

"Ndikaseka," ndinatero.

"Mukaseka, chiyani?"

"Ndikaseka... madzi amatuluka."

"Misozi?"

"Akumunsi, Aphunzitsi. Ndimadzikodzera."

Chitatuluka chimenecho, zina zonse zinatsatira zokha. Ndinamuuza mmene zinayambira ndi kuyetsemula, kadontho kamodzi, ine n'kumati ndi thukuta. Kenako kutsokomola. Kenako kuseka, kumene ndi ntchito yanga yokhayo padziko lino. Ndinamuuza za tsiku limene ndinasimba nthabwala kwa mnzanga wa mapiritsi uja, tonse kugubuduka, ine poimirira n'kupeza khushoni ya mpando wake yanyowa. Ndinanamizira mphaka wake. Mphaka anamenyedwa ndi tsache ine ndikuonerera, ndipo mpaka lero akandiona amatembenuka. Ndinamuuza za mapiritsi a m'nsapato, za matewera a akuluakulu amene ndinkakataya kutali ngati mfiti, za dokotala amene anandiphunzitsa kumafinya minofu ya kumunsi ndili chikhalire, moti nthawi zonse zimene ankandiona pazenera nkhope ili gwa ngati ndikupemphera, ndinali pa ntchito imeneyo.

"Munthu amene ndakhala ndikuseka anzanga odwala," ndinamaliza, "ndikanayamba bwanji kunena kuti ndabwerera ku matewera?"

Aphunzitsi anaimirira. Ndinati basi, mbama yanga yafika.

"Mkodzo?" anakuwa. "Ukwati wanga umatha chifukwa cha mkodzo? Amayi! Ine ndimasintha tiana makabudula onyowa tsiku lililonse, ena kawiri! M'chikwama changa muno muli makabudula apadera! Mukanangondikokera kukhitchini n'kundinong'oneza, bwenzi zitatha tiyi asanazizire!"

"Tiana ndi tiana. Ine ndine chitsulo cha..."

"Chitsulo chodontha!"

Anayesa kusunga ukali, ndinamuona akulimbana nawo. Milomo inayamba kunjenjemera. Kenako anati, "Mphaka wosalakwa," n'kuphulika. Anaseka atagwira tsaya lochotsedwa dzino lija, akulira ndi ululu, akusekabe.

"Aphunzitsi, musandiseketse, ndapota nanu."

"Kusambitsa ine, kufunditsa ine!"

"Ndati musandi..."

Mochedwa. Chinandigwira kuchokera m'nthiti, ndipo zimene dokotala anandiphunzitsa zonse zinathawa. Tsiku limenelo pothamanga ndinali nditaiwala kudziteteza. Ndinamva kutentha kukutsika, ndipo kuseka kunandithera pomwepo. Ndinangokhala, maso pansi, nkhalamba pabenchi yonyowa, anthu akudutsa.

Aphunzitsi analeka kuseka. Anavula juzi yake, n'kundiimiritsa, n'kundimanga nayo m'chiuno, mikono ya juzi kutsogolo, ngati mmene amavalira atsikana a masiku ano. Anatenga botolo la madzi m'chikwama n'kukhuthulira pabenchi ponse.

"Botolo langa latayika," anauza bambo wina amene ankatiyang'ana. "Muli ndi funso?"

Bamboyo analibe funso.

Tili pa siteji ya basi anatulutsa foni. "Achimwene, musabwere. Ayi, sanandinyengerere. Mkazi mnzanga uja ndamupeza, ndipo ndikupita naye kunyumba."

9

Musaganize kuti zinathera m'kuseka. Aphunzitsi atamva kuti Duu ankadziwa n'kukhala chete akumuona akulongedza, sofa inamusunganso Duu masiku angapo. "Mayi anu munawasungira ulemu," anamuuza, "nanga ine misozi yanga inali madzi otsukira mbale?" Duu anayankha kuti, "Ndinalakwa." Kwa iye imeneyo ndi nkhani yaitali.

Ku ofesi ya fakitale ndinapita ndekha, pamapazi anga a bakhawa, kukanena kuti wakuba khadi ndine. Mayi woona za antchito sanaseke ngakhale pang'ono, ndipo ndinayesa. Anati chimene ndinachita chikanamuchotsetsa ntchito mwana wanga. Mabwana anamuchenjeza Duu, khadi analitseka kwa kanthawi, ndipo zonse zimene ndinadya kuchipatala kuja akumudula pang'onopang'ono pa malipiro. Nthawi yosintha makhadi itakwana Duu anatenga lagolide, osandifunsanso maganizo. Nyama m'nyumba muno tsopano timaiona mwa apo ndi apo, ndipo ikasowa palibe amene amanena kanthu, amangoyang'ana ine.

Kalaliki uja mabwana ake anamudzudzula chifukwa cholemba munthu osafunsa chitupa. Ndinakamupepesa. Anati chimene chinamupweteka kwambiri si kudzudzulidwa, koma kuti anali atayamba kutsatira malangizo anga kunyumba kwake.

Aphunzitsi anandikhululukira, koma mwa njira yake. M'nyumba muno dzina langa tsopano ndi Akuluanga. "Akuluanga, lero ndi tsiku lanu lophika, amuna athu abwera ndi njala." Alendo amasokonezeka, Duu amalowa kubafa.

Tsono inu owerenga amene muli pantchito, akadzakuyalirani makhadi kuti musankhe, musafunse nkhalamba ya pakhomo panu pagulu, tiyi ali patebulo. Idzakuuzani kuti ndi yachitsulo. Ifunseni kawiri, kachiwiriko muli awiri, chitseko chili chotseka. Ndipo inu anzanga a imvi, mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma ine ndinatsala pang'ono kufera kuuna ndi banja la eni ake. Thupi likayamba kukuchitani chipongwe, nenani. Khadi la mwini ndi la mwini, ngakhale Chichewa chitakutsegulirani khomo. Mwana amene munamusintha matewera sangakomoke pomva kuti nthawi yanu yafika.

Ine ndikupezako bwino, mapiritsi ndi kufinya kuja zikuthandiza. Mukandipeza pamzere wa kuchipatala, khadi langalanga lili m'manja, bwerani tipatsane moni, tikambe za mitengo ya zinthu ndi za maliro. Koma ngati muli ndi nthabwala yabwino, yambani mwandilozera kumene kuli chimbudzi.